Mwana Akayamba Kuopa Nsima

Ukatuluka mu Lusaka pamsewu wa Great East kulowera ku Chongwe, n'kudutsa mphambano yopita kubwalo la ndege la Kenneth Kaunda, umafika ku Silverest. Kuno kuli mipanda yatsopano, nyumba za Silverest Gardens, masukulu ndi kampasi ya University of Lusaka. Makolo ambiri amagwira ntchito m'tauni. Amalawira m'mamawa kuthawa mndandanda wa magalimoto ndipo amabwerera kutada. Banja lonse limaonana pa chakudya chamadzulo, ndipo kawirikawiri m'pamenepa pamene matenda amene tikambirane pano amayamba kudziulula.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 15, wanzeru m'kalasi, wosavuta pakhomo. Amayi ake akapakula, iye akuti, "Ndadya kale kusukulu." Mawa lake akuti m'mimba mukumupweteka. Mkuja akuti akusala. Akakakamizidwa kukhala pansi, akutema kambamu kochepa, kukaumba nthawi yaitali, kukasunsa pang'ono, kenako n'kukankha mbale. Wasiya zitumbuwa, wasiya tiyi wa shuga, ndiwo zotendera akuti zili ndi mafuta. Chodabwitsa n'chakuti kukhitchini sachokako. Ndiye amene akuphikira ang'ono ake n'kumawakakamiza kuti amalize. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, iye ali mu juzi. Amayi ayesa kunyengerera, abambo akalipa, azakhali anena kuti ndi matama. Pomwe onse akutsutsana, siketi ya yunifolomu yayamba kugwa m'chiuno.

Mwana ameneyu sakuchita mwano. Akudwala, ndipo matenda ake ali ndi dzina, ali ndi zizindikiro, alinso ndi chithandizo. Chimene madokotala aphunzira m'zaka 40 zapitazi n'chakuti mbali yaikulu ya chithandizocho imachitikira pakhomo, m'manja mwa makolo.

Matendawa ndi otani

Pali mitundu itatu yodziwika kwambiri. Woyamba ndi anorexia nervosa. Wodwala amadzimana chakudya mpaka kuonda koopsa, amachita mantha aakulu ndi kunenepa, ndipo akadziyang'ana pagalasi amadziona wonenepa ngakhale nthiti zikuwerengeka. Dzinali analipereka ndi dokotala wa ku London, William Gull, mu 1873, chaka chomwenso Charles Lasègue anafotokoza matenda omwewa ku Paris. Wachiwiri ndi bulimia nervosa, umene Gerald Russell anaufotokoza mu 1979. Apa wodwala amadya chakudya chambiri nthawi imodzi mosatha kudziletsa, kenako amadzisanzitsa, kumwa mankhwala otsegula m'mimba kapena kuthamanga mpaka kulefuka kuti zimene wadya zisamugwire thupi. Thupi lake nthawi zambiri limaoneka labwinobwino, n'chifukwa chake amatha zaka osadziwika. Wachitatu ndi kudya mopyola muyezo mobisa, kotsatana ndi manyazi ndi kudzida, koma popanda kudzisanzitsa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 14 miliyoni anali ndi matenda a kadyedwe, ndipo pafupifupi 3 miliyoni mwa iwo anali ana ndi achinyamata. Ambiri ndi atsikana, koma anyamata nawonso amadwala, ndipo mwa iwo matendawa amakonda kubisala m'masewera ndi kufuna minofu. Anorexia ili m'gulu la matenda a maganizo amene amapha kwambiri. Ena amafa mtima utaima, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse amene amafa nayo amadzipha.

Amati ndi matenda a azungu

Kwa nthawi yaitali ngakhale madokotala ankakhulupirira kuti mwana wa mu Africa sangadwale matendawa. Chikhulupirirochi chinayamba kugwa pamene odwala anayamba kulembedwa m'mabuku a zachipatala: ku Nigeria mu 1981, ku Zimbabwe mu 1984, ndi pakati pa atsikana akuda ku South Africa mu 1995. Ku Ghana, kafukufuku wofalitsidwa mu 2004 anayeza atsikana 668 a kusekondale n'kupeza 10 amene anali ataonda moopsa chifukwa chodzimana chakudya. Iwo sankanena zoopa kunenepa. Ankanena za kudziletsa ndi kusala kwa chipembedzo. Phunziro lake ndi lakuti matendawa amavala chovala cha malo amene afikako.

Nkhani ya ku Fiji imatikhudza kwambiri. Kumeneko, monga kwathu kuno, thupi lodzaza linali ulemu. Mu 1995 wailesi yakanema inafika m'chigawo cha Nadroga. Wofufuza Anne Becker anapeza kuti chaka chimenecho mwa atsikana apasukulu amene anawafunsa panalibe amene ananena kuti amadzisanzitsa pofuna kuonda. Pofika 1998, oposa mmodzi mwa khumi alionse ankatero. Zaka zitatu zokha zinakwanira. Mwana wa ku Silverest lero safunika kudikira wailesi yakanema ya pabalaza. TikTok ndi Instagram amagona nazo pamtsamiro, ndipo zimamuuza zinthu ziwiri zotsutsana: kuti m'chiuno muchepe, koma m'mbuyo mudzaze. Kunyumba agogo akumuyamikira kuti "wanenepa bwino," kusukulu anzake akumuseka ndi mawu omwewo.

Komabe foni payokha siyambitsa matendawa. Ana ambiri amaona zithunzi zomwezo osadwala. Pamakhala chibadwa cha m'magazi, mtima wofuna kuti chilichonse chikhale changwiro, nkhawa, kusekedwa, nthawi zina chipongwe kapena nkhanza zimene mwana sananene kwa aliyense. Pamwamba pa zonsezi pamabwera kadyedwe kofuna kuonda, ndipo kameneka ndi kamene kamayatsa moto.

Chifukwa chake amabisala pakati pathu

Kwathu kuno munthu akaonda, mayankho amakhala okonzeka kale. Loyamba ndi njala. M'dziko limene kafukufuku wa 2018 anapeza kuti pafupifupi ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, ndiponso limene mu Febuluwale 2024 linalengeza kuti chilala chasanduka ngozi ya dziko lonse, n'zovuta kumvetsa kuti mwana angakane nsima ili pamaso pake. Kholo limapsa mtima n'kunena kuti, "Anzako akugona ndi njala, iwe ukutaya chakudya." Yankho lachiwiri ndi kaliwondewonde. Mbadwo umene unaika abale m'manda m'zaka za m'ma 1990 ukaona mwana akuonda umaganiza za HIV, ndipo mantha a zimene anthu anene amachititsa banja kutseka pakamwa. Ena amaganiza za mimba poona kusanza ndi kuleka kusamba. Ena amati walodzedwa. Ena amamuyamikira kuti ndi mwana wopemphera chifukwa amasala kuposa akuluakulu.

Kadyedwe kathunso kamathandiza kubisa. Pamene ana akudyera mbale imodzi, palibe amene amawerenga mbamu za mnzake. Mwana wa kusukulu yogonera komweko angathe teremu yathunthu akupatsa anzake chakudya chake, iwo n'kumamuthokoza.

Zizindikiro zofunika kuziyang'ana ndi izi: kuonda kapena kuleka kukula pa msinkhu woyenera kukula, kuleka kusamba kumwezi, kuzizidwa nthawi zonse, chizungulire, tsitsi kuthothoka, kuthamangira kuchimbudzi akangotha kudya, masaya kutupa m'munsi mwa makutu, mano kudyeka, chakudya kupezeka chobisidwa m'chikwama kapena pansi pa bedi, kulimbitsa thupi usiku kuchipinda, ndi kudzipatula kwa anzake.

Zimene njala imachita m'mutu

Makolo ambiri amadandaula kuti mwana wawo wasintha, wayamba kunama, sachedwa kupsa mtima, saseka. Kafukufuku wina wakale amafotokoza chifukwa chake. Mu 1944 ndi 1945, ku yunivesite ya Minnesota ku America, Ancel Keys anatenga amuna 36 athanzi ndi amaganizo abwino amene anadzipereka okha. Kwa miyezi isanu ndi umodzi anawapatsa pafupifupi theka la chakudya chawo mpaka anataya gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Amunawo anayamba kuganiza za chakudya usana ndi usiku, kusonkhanitsa mabuku a kaphikidwe, kuseweretsa chakudya m'mbale kwa nthawi yaitali, kukwiya msanga, kukhumudwa ndi kudzipatula. Ataloledwa kudya, ena ankadya osatha kuleka.

Izi n'zimene kholo limaona mwa mwana wake. Zambiri zimene timazitcha khalidwe loipa ndi ntchito ya njala muubongo. Ubongo wanjala sumva uphungu. N'chifukwa chake kudikira kuti mwana ayambe wavomera kuti akudwala, kapena kuti ayambe wafuna yekha kudya, n'kutaya nthawi. Chakudya chimayamba, maganizo amatsatira pambuyo.

Kuchipatala choyamba

Kuonda kuli ndi zifukwa zambiri, choncho poyambira ndi kuchipatala. Dokotala ayenera kuyeza HIV, chifuwa chachikulu, matenda a shuga, chithokomiro, njoka za m'mimba ndi mimba. Zonsezi zikapezeka kuti palibe, musabwerere kunyumba ndi mavitamini ndi mankhwala opatsa chilakolako cha chakudya basi. Fotokozani zimene mumaona pa nthawi ya kudya ndipo tchulani dzina la matendawa. Pemphani kuti ayeze kulemera ndi kutalika, kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi mwana atagona ndiponso ataimirira, ndi michere ya m'magazi, makamaka potaziyamu ndi fosifeti.

Kwa anthu a ku Silverest, pali chipatala cha boma ku Chongwe, ndipo polowera m'tauni pamsewu womwewo, musanafike pa Munali, pali chipatala cha Levy Mwanawasa ndi cha Chainama Hills, chimene ndi chachikulu m'dziko muno pa matenda a maganizo. Kuchipatala cha UTH kulinso madokotala a ana ndi a maganizo. Dzina la Chainama limaopsa mabanja ambiri chifukwa m'kamwa mwa anthu limatanthauza misala. Koma lamulo la umoyo wa maganizo la 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda, limaona wodwala maganizo ngati wodwala wina aliyense, woyenera ulemu ndi chinsinsi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira kuti kuche: kukomoka, mtima kugunda pang'onopang'ono kwambiri kapena mosalongosoka, kulephera kudzuka pansi popanda kugwirira, kusanza magazi, kukana ngakhale madzi, ndi kulankhula zofuna kufa. Pa nkhani ya kudzipha, funsani mwachindunji. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Manambala a ulere a 116 ndi 933 ali ndi aphungu amene mwana kapena kholo lingalankhule nawo.

Chenjezo lina ndi ili. Mwana amene waonda kwambiri, kapena amene watha masiku ambiri osadya chilichonse, sayenera kupatsidwa chakudya chochuluka mwadzidzidzi kunyumba. Thupi lanjala likalandira chakudya chambiri nthawi imodzi, fosifeti amatsika m'magazi ndipo mtima ungaime. Masiku oyamba a mwana wotere afunika kuyang'aniridwa ndi achipatala.

Makolo si gwero la matenda

Kwa zaka pafupifupi 100, madokotala ankaloza chala makolo. Gull mwiniwake ankaona kuti achibale ndiwo osayenera kwenikweni kusamala wodwala wotere, ndipo chizolowezi chinali chochotsa mwana pakhomo. Zinthu zinasintha pachipatala cha Maudsley ku London, kumene Christopher Dare, Ivan Eisler ndi anzawo anayesa kuchita zosiyana: kuitana banja lonse ndi kupereka ntchito yodyetsa mwana kwa makolo. Zotsatira zimene anafalitsa mu 1987 zinaonetsa kuti achinyamata amene anali asanathe zaka zitatu akudwala ankachira bwino ndi chithandizo cha banja kusiyana ndi uphungu wa payekha. Mu 2001 James Lock, Daniel Le Grange ndi anzawo analemba njirayi m'buku lophunzitsira, ndipo lero ndiyo yoyamba kuyesedwa m'maiko ambiri kwa wachinyamata wodwala anorexia.

Njirayi ili ndi magawo atatu, ndipo kawirikawiri imatenga miyezi 6 mpaka 12. Poyamba makolo amatenga ulamuliro wonse pa chakudya: amasankha, amaphika, amapakula, amakhala pomwepo mpaka mbale itatha. Thupi likabwerera ndipo ndewu zikachepa, ulamulirowo umabwezedwa kwa mwana pang'onopang'ono. Pomaliza banja limabwerera ku nkhani za msinkhu wake zimene matenda anaziimitsa, monga mabwenzi, sukulu ndi ufulu woyenda yekha. Pa bulimia, banja limathandizanso chimodzimodzi, ndipo achinyamata okulirapo amapindula ndi uphungu wosintha kaganizidwe, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala a fluoxetine. Pa anorexia palibe piritsi limene lingalowe m'malo mwa chakudya.

Kwa kholo la kwathu kuno, maziko a njirayi si achilendo. Mwana akadwala malungo n'kukana phala, sitimufunsa ngati akufuna. Timakhala naye pansi, supuni m'manja, mpaka adye. Chatsopano n'chakuti wodwala uyu ndi wamkulu, amadziwa kutsutsa, ndipo kwa iye mbale ya nsima ndi yoopsa ngati njoka.

Pa nthawi ya kudya

Mwana wochira afunika kudya katatu patsiku ndi tizakudya tina tiwiri kapena titatu ta pakati, osadutsa maola atatu kapena anayi m'mimba muli zii. Sipafunika zakudya zodula za m'masitolo akuluakulu. Phala lothira nsinjiro ndi mkaka, nsima ya nyemba, kapenta, mazira, masamba otendera, mbatata, mapeyala, nthochi, mtedza ndi maheu n'zokwanira. Chofunika n'kusachotsa mafuta ndi shuga pofuna kumusangalatsa, chifukwa zimene matenda akukana n'zomwe thupi likusowa. Pa nthawi imeneyi akhale ndi mbale yakeyake kuti muone zimene zalowa. Dokotala kapena katswiri wa zakudya adzakuuzani mlingo wake. Nthawi zambiri cholinga chimakhala kuwonjezera theka la kilogalamu kapena kuposerapo pang'ono pamlungu.

Mawu a kholo akhale ochepa, ofatsa, osasintha. "Mwana wanga, ndikudziwa kuti ukuopa. Ndili pompano. Tema mbamu ina." Iye adzalira, adzapempha kuti muchepetse, mwina adzanena kuti, "Amayi, mumandida, mukufuna ndikhale ngati nkhumba." Musayankhe nkhani ya kunenepa, pakuti mkangano umenewo simungaupambane. Bwererani ku mbale. Zimathandiza kukumbukira kuti amene akulankhulayo ndi matenda, mwana wanu ali kumbuyo kwake, ndipo ambiri akachira amanena kuti mumtima ankafuna wina wowakakamiza chifukwa okha sakanatha kudzilola kudya. Kumenya, kutukwana ndi kumuchititsa manyazi pamaso pa alendo kumangowonjezera mantha amene akudyetsa matendawo. Kunyengerera ndi mphatso kapena kulola kuti "lero lokha" asadye kumawapatsanso malo.

Akatha kudya, wina akhale naye kwa ola limodzi, kucheza, kusewera nsolo kapena kuonera kanema, kuti asapite kukasanza ndiponso kuti nkhawa ya pambuyo pa chakudya idutse ali ndi mnzake. Sikelo ichoke m'nyumba, kuyeza kukhale kwa kuchipatala. Masewera olimbitsa thupi aime mpaka dokotala alole. M'masabata oyamba mimba imatupa ndipo kudzimbidwa kumavuta chifukwa matumbo anazolowera ulesi. Zimenezi zimatha chakudya chikapitirira.

Chachikulu koposa n'chakuti abambo ndi amayi alankhule chimodzi. Wina akaumitsa, wina n'kumafewetsa mobisa, matenda amalowera pa mng'alu umenewo. Abambo asaione ngati nkhani ya kukhitchini. Kukhala kwawo patebulo, modekha, kumalemera kwambiri.

Mutu umodzi susenza denga

Funso la banja la ku Silverest n'lakuti, nanga masana, makolo ali kuntchito m'tauni, adzakhala naye ndani? Apa m'pamene banja lathu lalikulu limakhala chuma. Agogo angabwere kuchokera kumudzi kwa miyezi ingapo, azakhali angatenge chakudya chamasana, kholo lina lingapemphe tchuthi cha masabata oyamba. Onsewa afotokozeredwe bwino za matendawa ndipo agwirizane pa lamulo limodzi: pakhomo pano sitikamba za thupi la munthu. Ngakhale moni wachikondi wakuti "wayamba kunenepa, ukuoneka bwino" ungabweze mwana m'mbuyo milungu ingapo. Muuzeni kuti mwamusowa, kuti mwakondwa kumumva akuseka. Wantchito wa pakhomo angathandize kuphika, koma asasenzetsedwe udindo wolimbana ndi matenda. Abale ake akhale abale, osati apolisi, ndipo nawonso apatsidwe nthawi, chifukwa mantha ndi nsanje zimawagwira.

Kusukulu, mphunzitsi mmodzi wodalirika adziwe, kuti pakhale woyang'anira chakudya chamasana. Ngati mwana ali kusukulu yogonera komweko ndipo akupitirira kuonda, abwere kunyumba, ngakhale mayeso a giredi 12 ali pafupi. Mayeso amalembedwanso chaka china. Mafupa amene amalimba pa msinkhu umenewu akaphonya nthawi yake sabwerera onse.

Kutchalitchi ndi kumzikiti nakonso kuli thandizo. Pemphero limalimbitsa banja lotopa, ndipo liyende limodzi ndi chipatala. Koma kusala kudya n'koopsa kwa mwana ameneyu, kaya ndi kwa kumayambiriro a chaka, kwa Lenti kapena kwa Ramadan. Chikhristu ndi Chisilamu zonse zimamasula wodwala. Pemphani abusa, ansembe kapena ashehe kuti amuuze okha zimenezi, chifukwa mawu awo angafike pamene a kholo alephera.

Kuchira

Kuchira sikuyenda mowongoka. Pamakhala mlungu wabwino, kenako tsiku limene mbale yaponyedwa pansi. Nthawi za mayeso, maliro, kusamuka ndi chaka choyamba cha kukoleji ndi pamene matenda amakonda kubwerera, choncho maso asagone ngakhale thupi litabwerera. Kholo nalonso limatopa, limalira kubafa, limadziimba mlandu. Lipeze munthu wolankhula naye ndipo ligone mokwanira, pakuti ulendowu ndi wa miyezi, nthawi zina zaka.

Chiyembekezo chilipo ndithu. Kafukufuku wa ku Boston amene anatsatira odwala kwa zaka 22 anapeza kuti pafupifupi awiri mwa atatu alionse anachira, kuphatikizapo ambiri amene pa zaka zisanu ndi zinayi zoyamba anali asanachire. Achinyamata amene athandizidwa msanga amachira mofulumira kuposa pamenepo. Sikelo ya kuchipatala idzanena mbali yake, koma makolo amazindikira kuchira m'njira zina. Juzi lija lavulidwa. Kusamba kwabwerera. Mwana wayambanso kukangana ndi mlongo wake za rimoti m'malo mwa mafuta a m'ndiwo. Ndiye tsiku lina madzulo, amayi atangofika kuchokera m'tauni, asanavule n'komwe nsapato, akumva mawu kuchokera kukhitchini amene anatha chaka osawamva: "Amayi, nsima ipsa nthawi yanji? Njala yandipweteka."